Kodi magazi anga omwe ndi ufa wa fupa zingathandizedi bala kupola akandizula dzino?

Mayi wa ku Joni analemba:

Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino ntchito ya mano. Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo dokotala wandiuza kuti dzino langa lotafunira lakumunsi lang'ambika mpaka kumuzu, moti palibenso chochita koma kulizula. Popeza ndikufuna kudzaikitsa dzino lina lokhala pa kachitsulo kolowa m'fupa, komwe amati implant, iye wati tsiku lozulalo adzanditenga magazi pamkono, adzawazunguza m'makina, kenako adzaika chinthu chotchedwa PRF m'dzenje la dzinolo pamodzi ndi ufa wa fupa la ng'ombe. Zinthu ziwirizi zili ndi mtengo wake pamwamba pa ndalama yozulira. Kwathu ndinazulitsapo dzino, anangondilumitsa thonje n'kundipatsa panado, ndipo bala linapola bwinobwino. Kodi zimenezi n'zofunikadi, kapena ndi njira yongokwezera bilu?

Dokotala wa mano anayankha:

Mayi, funso lanu ndi lomveka, koma tiyambe talekanitsa zinthu ziwirizi chifukwa ntchito yake ndi yosiyana.

PRF ndi magazi anu omwe, osathiramo mankhwala aliwonse. Amawatengera m'timabotolo ta mamililita 10, n'kuwaika nthawi yomweyo m'makina amene amazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi kwa mphindi 10 kapena 12. Akatuluka amakhala atagawika patatu: maselo ofiira pansi, madzi achikasu pamwamba, ndipo pakati pamakhala chibulumwa chachikasu chonanda chimene dokotala amachikoka ndi kopanira n'kudula ndi sizasi mbali yofiirayo. M'chibulumwa chimenechi mumakhala maselo othandiza magazi kuundana ndiponso maselo oyera, ndipo maselowa amatulutsa pang'onopang'ono, kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, timapuloteni tolimbikitsa mitsempha yatsopano ya magazi ndi mnofu kumera. Njirayi anaiyambitsa Joseph Choukroun ku France cha m'ma 2001, pofuna kupeputsa njira yakale ya PRP, yogwiritsanso ntchito magazi a wodwala mwiniwake, yomwe Robert Marx anaitchukitsa pa maopaleshoni a nsagwada mu 1998, imene imafuna mankhwala oletsa magazi kuundana.

Phindu lake limaonekera kwambiri m'masiku oyambirira. Nkhama zimatseka msanga, ululu umachepako, ndipo ngozi yoti magazi oundana a m'dzenje achoke n'kusiya fupa poyera imachepa. Amene zinamuchitikirapo amadziwa ululu umene umayamba pa tsiku lachitatu kapena lachinayi n'kumafika mpaka kukhutu. Koma PRF imasungunuka pakatha milungu iwiri kapena kucheperapo, choncho payokha siingagwire malo kwa miyezi.

Apa m'pamene ufa wa fupa umalowera. Dzino likachoka, fupa limene linkaligwira limayamba kuphwa, ndipo m'chaka choyamba likhoza kuchepa m'lifupi ndi theka, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira. Dzino limene munazulitsa kwanu lija linapoladi, koma mukapapasa ndi lilime pamalopo mupeza kuti pali kachigwa. Ngati simudzaikapo kanthu, kachigwako si vuto lalikulu. Ngati mukufuna implant, fupa lopyapyala limachititsa kuti mudzafunike opaleshoni ina yokulirapo komanso yodula kuposa imene mukuizengerezayi.

Namwino wopuma wa kufiyeta anayankha:

Ndiwonjezere za mafupawo, popeza ndinagwira ntchito zaka zambiri ndi madokotala a mafupa. Fupa labwino koposa ndi la wodwala mwiniwake, chifukwa limabwera ndi maselo amoyo. Ife tinkalisema m'chiuno, pamene pamadutsa lamba, ndipo odwala ambiri ankadandaula ndi bala la m'chiunolo kuposa la pamwendo pamene tinkakonza. N'chifukwa chake pa dzenje laling'ono ngati la dzino madokotala safuna kutsegula bala lachiwiri.

Fupa la ng'ombe limene akuuzanilo si fupa la kubutchala logayidwa. Amalitsuka ndi mankhwala ndiponso kulitentha mpaka mafuta ndi mapuloteni onse atachoka, n'kutsala timibulu toyera tokhala ndi timabowo. Lodziwika kwambiri ndi Bio-Oss la kampani ya Geistlich ya ku Switzerland. Timibuluti sitimera tokha, timangokhala ngati phaso limene fupa lanu limayangapo, ndipo tina timakhalabe m'nsagwada kwa zaka zambiri. Palinso fupa la anthu amene anapereka matupi awo, lomwe limayezedwa matenda, kuumitsidwa ndi kusungidwa kunkhokwe. Kumeneku n'kumene kunachokera chidziwitso chachikulu, pakuti mu 1965 Marshall Urist ku Los Angeles anaonetsa kuti fupa lochotsedwa kashiamu likaikidwa mumnofu wa nyama limachititsa fupa latsopano kumera pamalo pomwe panalibe fupa. Ndiye pali lopanga kufakitale kuchokera ku calcium phosphate, lomwe mulibe cha munthu kapena cha nyama.

Bambo wina wa ku Leeds anayankha:

Ine ndili ndi chikayiko pang'ono pa PRF, ngakhale sindikutsutsa zimene adokotala anena. Makina ozunguzira magazi amasiyana, liwiro ndi mphindi zimene madokotala amatsatira zimasiyananso, ndiye kafukufuku wa malo osiyanasiyana savomerezana kwenikweni pa nkhani yakuti imawonjezera fupa lochuluka bwanji. Pa mawondo ndi misempha, pamene PRP imagulitsidwa modula kwambiri, umboni wake ndi wosakanikirana. Munthu wathanzi, wosasuta, amene dzino lake lazulidwa mwaukhondo, thupi lake limapanga lokha magazi oundana m'dzenjemo popanda kulipira. Ndikanakhala ine, ndalama zitaperewera, ndikanasankha fupalo n'kusiya PRF.

Mayi wa ku Joni analembanso:

Zikomo nonse. Chimene sindinatchule n'chakuti ndili ndi matenda a shuga, ndipo ndimamwa aspirin tsiku lililonse. Kodi zimenezi zikusintha yankho?

Dokotala wa mano anayankhanso:

Zikusinthadi, mayi, ndipo zikundichititsa kusiyana pang'ono ndi bambo a ku Leeds. Shuga amachedwetsa mabala kupola, choncho inu muli m'gulu la anthu amene thandizo la masiku oyambirira lingawapindulire kuposa ena, komanso chibulumwa chija chimathandiza kuti bala lisamangochucha magazi. Komabe chachikulu kuposa zonsezi ndi shuga mwiniwakeyo: pemphani kuti akuyezeni HbA1c, muyezo wa magazi woonetsa mmene shuga wanu wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, musanapangane tsiku, chifukwa fupa loikidwa mwa munthu amene shuga wake ali pamwamba limagwidwa mafinya mosavuta, ndipo implant nayo imakana kugwira. Aspirin musamusiye panokha, koma muuzeni dokotala wa mano ndi amene anakulemberani kuti agwirizane.

Mum'funsenso dokotalayo ngati khoma la fupa lakutsaya lili lathunthu pa chithunzi cha X-ray, dzina la ufa umene adzagwiritse ntchito ndi kumene unachokera, makamaka ngati chipembedzo chanu chili ndi malamulo pa za nkhumba kapena magazi, popeza tinsalu tina tovindikira dzenjelo timapangidwa ndi puloteni yotchedwa kolajeni yochokera ku nkhumba. Akaika fupa, nthawi zambiri amadikira miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi asanaike implant, ndiye ulendo uliwonse wa kumudzi muukonze poganizira zimenezo.