Kodi munthu wokwatira amamulandira ku sukulu ya usilikali ya ku Saldanha?

Moni nonse abale anga a kuno ku Joni. Ndabwera ndi nkhani ya mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, yemwe ndikukhala naye ku Rosettenville.

Mnyamatayu anabadwira konkuno ndipo ndi nzika ya South Africa chifukwa cha bambo ake. Ali ndi zaka 21, mayeso omaliza ku sekondale a matric anakhoza bwino, makamaka masamu. Kuyambira ali wamng'ono mtima wake uli pa usilikali, ndipo akufunitsitsa kudzafika ku Military Academy ya ku Saldanha, ija imaphunzitsa mogwirizana ndi yunivesite ya Stellenbosch. Koma chaka chatha anakwatira, ukwati tinalembetsa kuboma, ndipo mkazi wake panopa ndi woyembekezera.

Chandisowetsa tulo n'chakuti ku America, sukulu za usilikali ngati West Point salandira munthu wokwatira kapena amene ali ndi mwana woti azimusamalira. Tafufuza pa intaneti, zomwe tapeza zikutsutsana. Tinapitanso ku ofesi ina m'tauni, anangotiuza kuti tidikire mafomu. Ine monga malume ake sindikufuna abise banja lake pa fomu.

Alipo pano amene m'bale wake analowa SANDF, gulu la asilikali la South Africa, ali pabanja? Anamulola kupitiriza mpaka ku Saldanha? Nanga nthawi ya maphunziroyo mkazi amakhala kuti? Chonde ndithandizeni.