Choseweretsa chophunzitsa ana maphatikizo: chizilankhula kapena chikhale cha matabwa okhaokha?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka alezi, aphunzitsi ndi odziwa zamagetsi, ndithandizeni nzeru.

Ndine kalipentala, shedi yanga ili ku Mchesi kuno ku Lilongwe. Timatabwa totsala tikamakhoma mipando ndi makabati timangothera pamoto, ndiye ndaganiza zopangira ana a zaka 3 mpaka 6 zoseweretsa. Chandiutsa mtima ndi zidole zoyimba za m'mashopu zija. Mwana akadina batani chikuti "ei, bi, si", koma akakayamba Sitandade 1 aphunzitsi akuti a, e, i, o, u, kenaka ba be bi bo bu. Komanso chikangogwa pasimenti kamodzi, basi chatseka pakamwa.

Ndikuganiza timabuloko tinayi tovekedwa pa ndodo imodzi ngati kanyenya, mwana azitipotokola ndi chala. Koyamba ndi kachitatu tikhale ndi m, t, b, l, kachiwiri ndi kachinayi malembo a liwu. Akapotokola, "ma" isanduke "me", "mi", "mo", mpaka apange mawu enieni monga mutu, malo, tola, bala.

Pandivuta ndi apa: buloko ukaliboola pakati limatsala ndi mbali zinayi zolembapo, pomwe malembo a liwu ndi asanu. Ndisiye u? Kwinaku mlamu wanga wokonza mafoni waumirira kuti tiikemo sipika chizitchula chokha. Ine ndikukayika, koma ndikuopanso kuti makolo a masiku ano chinthu chosalira sachiwerengera. Nanga penti wabwino ndi uti, poti ana chilichonse chimathera kukamwa?

Mphunzitsi wa Sitandade 1 ku Dedza:
Bambo, u musamusiye chonde, mutipatsa ntchito yowongola ana. Ndipo mulembe malembo aang'ono, osati akuluakulu. Lembo a likhale momwe timalembera pabolodi, kuzunguliza kenaka kandodo, osati lokhota pamwamba la m'nyuzipepala lija. Mwachita bwino kusaika b ndi d pa buloko limodzi chifukwa ana amawasokoneza kwambiri. Malembo a liwu apakeni mtundu wawowawo kuti mwana aone yekha kuti awa ndi ena. Koma mudziwe kuti wa zaka 3 sawerenga maphatikizo. Iye amangofuna kupotokola ndi kumva kuti khoto khoto, ndipo palibe cholakwika. Kuphatikiza kumayamba chakumazaka 5 uko.

Kalipentala mnzanu wa ku Ndirande:
Achimwene, vuto la malembo asanu ndi laling'ono. Dulani buloko la mbali zisanu. Jambulani bwalo papepala, ligaweni madigiri 72 kasanu, mumate pamutu pa thabwa n'kupala motsatira mizere. Palani mtanda umodzi wautali kenaka muzidula zidutswa, osalimbana ndi kalikonse pakokha. Malaina ndi wabwino, ngwopepuka komanso amasalala ndi sandipepa. Matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe asayandikireko.

Mlezi wa ku mkombaphala, Zomba:
Ine za sipikazo ndikutsutsa. Pamalo pathu ana ndi ambiri, zoseweretsa n'zochepa, ndipo ndalama ya mabatire sitingaipeze pomwe ufa wa phala ukuvuta. Koma nkhani si ndalama yokha. Chidole chikamalankhula chokha, ana amakhala chete n'kumangodina, kenaka nkhondo yolimbirana batani. Chikakhala chosalankhula, mwana amabwera nacho kwa ine, "ichi n'chiyani?", ndimamuuza, iye n'kubwereza, mnzake n'kumukonza. Pakamwa pofunika kutseguka ndi pa mwanayo. Muikenso makhadi a zithunzi, mutu, moto, buluzi, kuti azisaka mawu ogwirizana ndi chithunzicho, ngakhale ena afune mabuloko owonjezera.

Wokonza mawailesi ku Mzuzu:
Mlamu wanuyo sananame, kutheka n'kotheka. Kuli kachipangizo kotchedwa DFPlayer Mini, kamaliza mawu ojambulidwa pa memore khadi, kamayenda ndi mabatire atatu a AA, ndipo mutha kulumikizako mabatani oposa khumi popanda kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino. Koma kuti kazidziwa mbali yomwe mwana wapotokola pafunika timasensa, tizipangizo tozindikira kusuntha, pa buloko lililonse, ndipo pamenepo mtengo ukwera, fumbi likalowa chiyamba kubwebweta zake. Ngati mukufunabe mawu, pangani china chapadera: thabwa lathyathyathya la mabatani asanu, a e i o u, mawu ake ajambule mwana kapena mayi, osati abambo a besi.

Namwino:
Langa ndi chenjezo. Timabatire tozungulira tonga ndalama, ta m'mawotchi tija, tisapezekemo. Mwana akameza, kamatha kuwotcha kummero mkati mwa maola awiri okha. Maginitonso ayi, awiri akamezedwa amakokana n'kupana matumbo. Pa za kukula, kumayiko akunja amayesera kachubu kotakata pafupifupi masentimita 3.2: chilichonse cholowa chathunthu m'menemo n'choopsa kwa mwana wosakwana zaka 3. Inu yeserani kachikatoni ka pakati pa tishu. Musati zanu n'za ana a zaka 3 kupita m'tsogolo, pakhomo pamakhala wina wokwawa. Mathero a ndodoyo muwatseke moti buloko lisavuke ngakhale chimenyedwe pansi. Penti wamafuta wina, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu womwe umaononga ubongo wa ana. Gwiritsani ntchito wosungunula ndi madzi, kapena wotchani malembowo ndi chitsulo chamoto ngati a ziboliboli, pamwamba n'kupaka phula la njuchi.

Mayi wa ana atatu:
Kikiki bambo, musanagulitse muyambe mwapotokola nokha mawu onse. Ndi b ndi i yanuyo ana apeza "bibi" tsiku loyamba lomwe, sadzafunanso mawu ena.

Wofunsa:
Mayi, amenewo awapezedi, bola awerenga okha. Zikomo nonse. Ndiyamba ndi chosalankhula cha mbali zisanu, malembo owotcha, ndikachisiye pa mkombaphala wapafupi nane ndione ngati chipirire. Aphunzitsi a ku Dedza, funso lina: maphatikizo ngati mba, nda, nya ndi ng'a ndiwapangire ndodo yachiwiri, kapena amenewo adikire kaye kusukulu?