Tabuleti ya masamu ya mwana wa giredi 2: ndigule kapena ndisiye?

Amake Tamanda: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo. Ku Kamwala, muno mu Lusaka, ndaona matabuleti a ana, aja okutidwa ndi labala m'mbali. Wogulitsa akuti masewera a masamu alimo kale, mtengo K1,300. Tamanda ali giredi 2 ndipo kuchotsera kwamukanika. Ndigule?

Atate a Dalitso: Gulani amayi. Ena tikamatsika basi ku Matero mdima utagwa kale, mphamvu zokhala pansi ndi mwana kulibe. Wanga anaphunzirira pomwepo kuwerenga mpaka 100, yekha.

Aphunzitsi a ku Chawama: Amake Tamanda, tsegulani kope lake mutiuze samu imodzi imene analakwa.

Amake Tamanda: 23 kuchotsapo 7, walemba 24. Ndinangogwira pakamwa, kuchotsa koma nambala n'kukwera!

Aphunzitsi a ku Chawama: Musamukalipire, mwanayo waganiza ndithu. Waona kuti 7 sangachoke mu 3, ndiye watembenuza: 7 kuchotsa 3, wapeza 4, n'kutsitsa 2 uja. Chimene sanachimvetse n'chakuti 2 ameneyo ndi makumi awiri. Tabuleti ingomulizira kabelu kuti walakwa, iye azingodina mpaka alase yankho. Chitani izi madzulo ano. Thyolani timitengo ta tsache, mumange khumikhumi ndi mphira. Mpatseni mitolo iwiri ndi timitengo titatu tapadera, munene kuti ndipatse 7. Ayang'ana titatu tija, aona kuti sitikukwana. Inu khalani chete, musamuuze chochita. Akangomasula mtolo umodzi ndi manja ake, kubwereka kumene timavutika nako pa bolodi wakumvetsa. Atsala ndi mtolo umodzi ndi timitengo 6. Pulogalamu ya Catch Up ya Unduna wa Maphunziro imaphunzitsa ana a giredi 3 mpaka 5 ndi mitolo yomweyi, ana oti anatsalira pa zinthu ngati zimenezi.

Atate a Dalitso: Aphunzitsi, zonsezo n'zoona, koma womanga mitoloyo ndani? Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, inu simungafikire mwana aliyense. Kunyumba nakonso makolo kulibe. Tabuleti ndiyo imapezeka.

Amake Chikondi: Imapezeka malaiti akakhalapo. Mwaiwala 2024, madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba? Tinkatchaja mafoni pakati pa usiku. Komanso funsani bwino, masewera ena amatseguka poyamba pokha, kenako amafuna bando. Mwana wa mchemwali wanga masamu anawasiya sabata yomweyo, pano ndi makatuni basi, ndipo galasi linang'aluka kale.

Agogo a ku Kalingalinga: Mtumeni pa kantemba. Mpatseni K20 akagule mabanzi a K6, musanamulandire chenji anene yekha kuti yabwera zingati. Ana a kumsika wa Soweto sawabera chenji, tabuleti anaionapo kuti?

Aphunzitsi a ku Chawama: Agogo mwalasa. K10 yapepala ndi makobidi a K1 ndi mitolo yomwe ija. Atate a Dalitso, ine sindikudana ndi tabuleti. Mwana amene wamvetsa kale makumi imamuthandiza kufulumira, makamaka akafika pa kuchulukitsa. Koma kutchula manambala mpaka 100 ndi nyimbo chabe. Mufunseni wanuyo kuti 38 ndi 83 yaikulu ndi iti, ndipo chifukwa chiyani.

Atate a Dalitso: Ndamufunsa. Wayankha 83. Chifukwa chake akuti "ndi mmene zilili". Komabe yanga sindigulitsa.

Amake Tamanda: Wogulitsa uja wandiimbira, watsitsa mpaka K1,100. Ndamuuza adikire kumapeto kwa mwezi. Mphira ndapeza, tsache la pakhonde ndilo lionepo tsoka.

Aphunzitsi a ku Chawama: Akatha 23 uja mpatseni 42 kuchotsapo 8, choyamba ndi timitengo, kenako m'kope. Akalemba 46 mundiuze.