Mwana wanga akufuna udokotala: akasankhidwa ku CDSS abwereze Sitandade 8?

Nachisale wa ku Ntcheu:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13, ndipo chaka chino alemba mayeso a PSLCE. Chiyambire Sitandade 5 amangoti adzakhala dokotala, sasintha. Masamu ndi Sayansi amakhoza bwino, koma Chingerezi cholemba chimamuvutako. Kuno ana ambiri akakhoza amasankhidwira ku CDSS yapafupi, yomwe ilibe labotale. Bambo ake akuti akapita kumeneko ndiye basi udokotala watha, bola abwereze mpaka adzapeze malo ku Lilongwe Girls kapena ku St Mary's ku Zomba. Ine mtima ukukana, mwana wamkazi kumangokhala ku pulayimale thupi likukula. Ndalama za sukulu ya pulayiveti tilibe. Amene mukudziwa njirayi, tithandizeni maganizo.

Mphunzitsi wa Biology:
Mayi, nkhawa ya bambowo ndi yoona, tisainyoze. Koma tiyambire kumapeto kwa ulendowu kuti muone pamene pali mpanipani.

Udokotala amaphunzira ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Kusankha ana opita ku mayunivesite a boma kumadutsa ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo chachikulu chimene amayang'ana ndi zotsatira za MSCE. Choyamba pamafunika makirediti 6, Chingerezi chikhalepo. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti. Mapointi amawerengedwa pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wakhoza kwambiri, ndiye wanzeru zedi, wopeza giredi 1 paliponse, amapeza 6. Ku udokotala kukhala ndi makirediti okha sikukwanira, malo ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Pamafunika magiredi apamwamba mu Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu.

Ndiye funso loti mufunse si dzina la sukulu ayi. Pitani kwa ahedi a CDSS imeneyo mukafunse ngati amaphunzitsa Physics ndi Chemistry mpaka Folomu 4, ngati ali ndi aphunzitsi amene anaphunzira maphunziro amenewo, komanso kumene ana awo amakachitira mapulakitikolo. Ndaonapo ana akhama akufika Folomu 3 n'kupeza kuti Chemistry pasukulu pawo palibe. Apo mwana ngakhale akhoze bwanji Agriculture ndi Geography, khomo la udokotala latsekeka. Zimandiwawa chifukwa makolo amazidziwa mochedwa.

Zobwereza ine sindimalimbikitsa. Malo ku sukulu za national, monga Lilongwe Girls ndi St Mary's, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana olemba mayeso dziko lonse, ndipo kubwereza sikutsimikizira kanthu. Mphamvu ikani pa Chingerezicho panopa, chifukwa kupatula pepala la Chichewa, mayeso onse amalemba m'Chingerezi.

Bambo a Chikondi:
Aphunzitsi, ine ndisiyana nanu pang'ono. Mwana wanga wamwamuna anabwereza kamodzi, ulendo wachiwiri anasankhidwira ku sukulu yogonera konko, ndipo lero ali ku yunivesite ya MUBAS akuchita za uinjiniya. Kusiyana kwake si labotale yokha. Kogonera konko kuli magetsi, kuli nthawi ya prep usiku, mwana sayenda mtunda wautali m'mawa, ndipo anzake onse amakhala opikisana. Mwana wamkazi wa ku CDSS akaweruka amakapeza mtondo ndi ndowa zikumudikira. Wazaka 13 akadali wamng'ono, chaka chimodzi si kanthu. Chachikulu mumufunse mwiniwakeyo. Akabwereza mokakamizidwa, amagwa ulesi.

Namwino Mphatso:
Ine ndinaphunzira pa CDSS, mayi. Labotale tinalibe, moti aphunzitsi athu ankatitengera ku sekondale ina Loweruka kuti tikaone microscope ndi kugwira zipangizo tisanalembe mayeso. Mapepala akale a MANEB tinkabwerekana mpaka kung'ambika. Mapointi anga sanafike a udokotala, koma anandikwanira unamwino, ndipo ntchitoyi ndimaikonda. Mwanayo mumuuze msanga kuti m'chipatala muli ntchito zambiri: uzamba, za mankhwala, zoyeza magazi ku labotale, ukiliniko. Polemba fomu ya NCHE amaloledwa kusankha mapulogalamu angapo, asadzaike udokotala wokhawokha.

Chimene chinandipulumutsa ine n'choti amayi anga anandichotsera ntchito zamadzulo nditalowa Folomu 3, n'kundigulira nyali ya sola. Anzanga amene ankachita lendi pafupi ndi sukulu okhaokha, angapo sanafike Folomu 4. Ngati CDSS ili kutali, zoti akakhale payekha m'nyumba ya lendi mukane ndithu.

Nachisale wa ku Ntcheu:
Zikomo kwambiri nonse. Za Physics ndi Chemistry sitinaziganizepo n'komwe, tinkangoyang'ana za labotale. Lolemba ndipita kukaonana ndi ahedi, ndipo ndawauza bambo ake kuti tipitire limodzi akadzimvere okha. Aphunzitsi, ndifunsenso: mwana akayamba ku CDSS n'kukhoza bwino JCE, kodi n'zotheka kumupezera malo ku sekondale ina kuti akayambire Folomu 3 kumeneko? Nanga pempho lotere timakapereka kwa ndani?