Kodi paki ingabweze moyo pakati pa tawuni ya Stockton-on-Tees ku England?

Mayi wa ku Stockton:
Abale anga, mtima umandiwawa ndikamadutsa mu msewu waukulu wa masitolo wa High Street n'kuona zitseko zotsekedwa pamalo pamene kale pankadzaza anthu Loweruka lililonse. Marks & Spencer inachoka mu 2018, sitolo ina yaikulu ya Debenhams nayo inatseka, ndipo khonsolo inagwetsa nyumba ya masitolo ya Castlegate kuti pakhale paki yofika kumtsinje wa Tees. Kodi zimenezi zingathandizedi?

Bambo wa ku Middlesbrough:
Mayi, ine ndikuona kuti khonsolo inaganiza bwino. Masitolo anachuluka kuposa ogula, chifukwa anthu ambiri masiku ano amagula pa intaneti kapena amapita ku malo a masitolo a kunja kwa tawuni otchedwa Teesside Park, kumene amaimika galimoto kwaulere. Khonsolo itagula Castlegate mu 2019, masitolo ena anasamukira ku malo ena a masitolo a m'tawuni momwemo otchedwa Wellington Square, kuti otsalawo akhale pamodzi m'malo momwazikana pakati pa nyumba zopanda kanthu. Komanso holo ya zisudzo ndi nyimbo ya Globe, imene inatsegulidwanso mu 2021, imakoka anthu madzulo.

Mlongo wanu wa ku Thornaby:
Bambo, sindikutsutsa, koma paki silipira lendi. Ndinali ndi kasitolo kogulitsa ufa wa chimanga, nyemba ndi usipa, ndipo ndinatseka chifukwa lendi ndi magetsi zinkadya phindu lonse mwezi usanathe. Tsiku lomaliza ndinapakira matumba a ufa m'galimoto ndikugwetsa misozi. Chimene chimandilimbitsa mtima ndi msika wa Lachitatu ndi Loweruka, chifukwa kumeneko munthu wa mpamba wochepa angathe kuyambiranso ndi tebulo limodzi, ndipo ndikulingalira zofunsira malo.