Za Ababa ndi Amayi kupita kukakhala ku Joni

Achemwali a ku Joni: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalemba usiku, ndangoweruka kumene. Nkhani ya kuti Ababa ndi Amayi adzakhale kuno ija ndaifufuza, ndipo ndiyambe ndi yowawa. Viza ya anthu opuma pantchito, imene kuno amati retired person's visa, imafuna munthu asonyeze kuti amalandira R37,000 mwezi uliwonse kuchokera ku penshoni kapena annuity, ndalama zimene kampani ya inshuwaransi imakupatsa nthawi ndi nthawi. Apo ayi akhale ndi katundu womubweretsera ndalama yofanana ndi imeneyo. Amapereka ya zaka zosapitirira 4, ikatha umakapemphanso.

Chitsiriza: R37,000 pa mwezi kapena pa chaka, achemwali?

Achemwali a ku Joni: Pa mwezi, iwe.

Chitsiriza: Ndawerengera. Kubanki randi imodzi ili pafupifupi K100, ndiye ndi K3.7 miliyoni. Penshoni ya Ababa sifika ngakhale theka la miliyoni.

Malume: Alamu agwira choko zaka zoposa 30, aphunzitsa anthu amene lero akuyenda pa magalimoto a boma. Koma ndalama imeneyo ngakhale ali pantchito sanaigwirepo. Lamulo limeneli analembera azungu a penshoni ya mapaundi, osati ife.

Achimwene a ku Leeds: Zoona Malume. Komanso kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Penshoni ya Ababa inagona ili ina m'marandi, kutacha ili ina. Munthu wolandira makwacha sangalonjeze boma la eni kuti zaka 4 zikubwerazi azipeza marandi akutiakuti.

Mlamu: Ine ndili ndi nzeru. Tisonkhe tonse, ndalama tiike mu akaunti ya Ababa miyezi itatu, titenge sitetimenti, viza ikatuluka aliyense atenge zake. Anthu amatero.

Achemwali a ku Joni: Alamu, ayi. Safuna kungoona ndalama itakhala mu akaunti ngati yobwera kudzacheza. Amafuna kalata ya kumene penshoni imachokera, yonena kuti munthuyu azilandira zakuti mwezi ndi mwezi. Akatulukira kuti tinanama, chikalata changa chokhalira kuno chikhoza kulowa m'madzi. Ndinachivutikira ine.

Mlamu: Chabwino, ndabweza mawu. Nanga nyumba ya ku Area 25?

Azakhali: Nyumba imeneyo musaitchule. Achimwene anathira mmenemo ndalama zonse zimene analandira popuma. Njerwa tinkatuta pamutu ine ndi mayi anu.

Chitsiriza: Azakhali musakwiye, palibe akugulitsa. Ndipo ngakhale titaphatikiza lendi ya nyumbayo ndi penshoni, sitifika ngakhale kota ya ndalama akufunayo. Wa lendi wakenso ndi uja amalipira pa 15 m'malo mwa pa 1.

Malume: Nanga kwanu ku Mangalande, mphwanga? Iwe sungawatenge?

Achimwene a ku Leeds: Kuno ndiye kolimba kuposa ku Joni, Malume. Viza ya opuma pantchito odzidalira anaitseka mu 2008. Yatsala ndi ya wachibale wamkulu wodalira chisamaliro cha ena, adult dependent relative, koma pamafunika umboni woti kholo silingathe kudzisamalira, monga kusamba ndi kuvala, komanso kuti chisamaliro chotero sichingapezeke kwawo ngakhale mwana atatumiza ndalama. Ababa amapalasabe njinga kupita kudimba. Chimene ndingathe ndi viza yodzacheza, miyezi 6 basi.

Chitsiriza: Ine ndinaona kuti ku Thailand munthu wa zaka 50 kupita m'tsogolo amangofunika 800,000 baht kubanki kapena 65,000 baht pa mwezi. Ku Panama penshoni ya $1,000 pa mwezi yakwana.

Azakhali: Ku Panama akakaonako ndani? Ufa akakagaitsa kuti?

Chitsiriza: Ndimangonena, Azakhali 😂

Achemwali a ku Joni: Tamverani tsopano, sindinamalize. Pali njira ina, relative's visa. Imeneyi sayang'ana thumba la kholo, amayang'ana thumba la mwana. Wachibale amene ali nzika ya South Africa kapena ali ndi permanent residence, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, ngati ine, amasonyeza kuti ali ndi R8,500 pa mwezi ya munthu aliyense amene akumuitana. Awiri ndi R17,000. Imakhala ya zaka 2, ndipo salola kugwira ntchito.

Malume: Apo ndiye mwalankhula. R17,000 ulipo nayo, mwanawe?

Achemwali a ku Joni: Pa pepala la malipiro ikuoneka, Malume, maka ndikaphatikiza ma ovataimu a kuchipatala. Koma papepala ndi papepala. Ndikachotsa lendi, fizi ya ana ndi thiransipoti, chotsala n'chochepa. Chimene chikundisowetsa tulo ndi medical aid, inshuwaransi yolipirira kuchipatala. Ababa ali ndi shuga, Amayi BP. Kuno munthu wamkulu amene sanakhalepo pa medical aid amamuwonjezera mtengo chifukwa cholowa mochedwa, ndipo matenda amene anali nawo kale akhoza kudikiritsidwa mpaka miyezi 12 asanayambe kulipiridwa. Ndekha sindingathe.

Achimwene a ku Leeds: Medical aid ndi yanga. Munditumizire mitengo mawa, ndizilipira mwachindunji kuchokera kuno, ndalama isadutse ku Malawi. Ikalowa m'makwacha kuitulutsanso ndi nkhondo, mukudziwa mmene forex ikuvutira.

Mlamu: Ine ndi akazi anga titenga matikiti a basi ndi zolipira mapepala.

Azakhali: Bwanji angopita ngati okacheza, zinazo mukakonzere konko? Pasipoti yathu salipiritsa viza.

Achemwali a ku Joni: Amapatsa masiku 30 okha, Azakhali, ndipo amene walowa ngati mlendo saloledwa kusinthira ku viza ina ali mkati muno. Pempho liyenera kukaperekedwa ku Malawi, ofesi ya kazembe wa South Africa ili ku Lilongwe konko. Ukapitirira masiku ako, potuluka amakudinda kuti ndiwe wosafunika. Osapitirira masiku 30 amakuletsa chaka chimodzi, kuposa apo zaka 5.

Azakhali: Usandikumbutse. Ine ndinangowonjezera sabata imodzi pa chikuta cha mdzukulu wanga, pa Beitbridge anandibwezera pasipoti ili ndi chidindo, ine n'kumati zikomo osadziwa kuti andithamangitsa. Anandiwerengera ndi mnyamata wina m'basi titafika ku Masvingo.

Malume: Safunsa anadya phula, achemwali. Tiyeni tigawane ntchito. Mapepala ofunika ndi ati?

Achemwali a ku Joni: Mapasipoti osatsala pang'ono kutha, kalata ya polisi ya aliyense, kalata ya dokotala, setifiketi ya ukwati wawo, ndi setifiketi yanga yobadwira yokhala ndi mayina awo onse awiri. Umboni wa ubale ndi umenewo. Zanga za kuno, masitetimenti ndi kalata yolonjeza kuwasamala, nditumiza pa DHL.

Chitsiriza: Pali kavuto. Ndatsegula sutikesi ya mapepala ija. Pasipoti ya Amayi inatha chaka chatha. Ndipo dzina la Ababa pa chiphaso cha unzika lili ndi h, pa setifiketi ya ukwati ya ku mishoni lilibe.

Malume: Za dzinazo ndisiyireni, ndipita nawo kukalumbira kwa majisitireti Lachiwiri. Iwe Chitsiriza uyambe za pasipoti, usadikire.

Achimwene a ku Leeds: Koma abale, takambirana ola lathunthu. Eni akewo alipo anawafunsa?

Chitsiriza: Ali pompano, ndakhala ndikuwawerengera. Ababa akuti iwo alibe mawu, afunseni mayi anu. Amayi akuti ndilembe ndendende: “Ana inu zikomo. Koma zaka ziwiri ayi. Tipite tikakolola, tikaonane ndi madokotala, mvula yoyamba itipeze kuno. Mbuzi zanga sindisiyira munthu.”

Achemwali a ku Joni: Amayi, kuyambira Juni mpaka Okutobala ndi miyezi 5, masiku 30 aja sakwana. Viza ikufunikabe.

Chitsiriza: Akuti kapangeni vizayo, koma tikiti ikhale yobwerera. Akufunsanso ngati pa bodala amalola ufa woyera ndi thelele louma.