Nsomba yanga ikuyandama chagada, chavuta n'chiyani?

Mayi a Tadala, Kasungu: Anzanga ndithandizeni. Ndikuweta nsomba zokongoletsa zotchedwa goldfish m'galasi ku saluni kwanga. Imodzi ikangodya imayandama, mimba kuloza kumwamba. Ikayesa kumira imabwereranso pamwamba ngati botolo lotseka. Ndimazipatsa chakudya chogula chija chopyapyala, komanso makasitomala amakonda kuziponyera nyenyeswa za sikono.

Phiri wa ku Kamwendo: Mayi, masikonowo aletseni lero lomwe. Nsomba ili ndi kathumba ka mpweya m'mimba komwe kamaithandiza kukwera ndi kutsika m'madzi. Matumbo akadzaza amafinya kathumbako, basi nsomba imalephera kukhazikika. Chakudya choyandamacho imachitolera pamwamba n'kumezera limodzi mpweya. Musaipatse kanthu masiku 2 kapena 3, siifa ayi. Kenako wiritsani nsawawa, muchotse khungu, muphwanye pang'ono muipatse. Chogulacho muzichiviika kaye kuti chizimira.

Nabanda: A Phiri anena zoona, koma madzi mwawaona? Zotsalira zikaolera pansi nsomba zimadwala. Muzichotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo sabata iliyonse n'kuthiramo ena, osati onse. Madzi a pampopi aziyamba agona m'ndowa tsiku lathunthu kuti klorini achoke. Ndiye kukamazizira ngati mu June, chakudya chimachedwa kugayika, muzichepetsa.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Nanga ikapanda kusintha?

Phiri wa ku Kamwendo: Mukaona mamba atanyamuka, mimba itatupa, amenewo ndi matenda ena. Muipatule msanga m'beseni layokha.